Momwe Ndinanenerera Magetsi Ngati Kaunjika

Mukadzafika ku tchalitchi kwathu ku Mirrabooka, kuno ku Perth, n'kumva amayi akundipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a Osamuka?" musadzaganize kuti ndi dzina la makolo. Dzinali ndinalipeza ndekha, ndi pakamwa pangapa, ndipo sindikukhulupirira kuti lidzandichoka ndikadali moyo. Nkhani yake ena aifotokoza kale mothira tsabola wambiri, mpaka inakafika kumudzi muli mkazi wachiwiri. Ndiye ndati ndiifotokoze ndekha mwiniwake, chifukwa ngakhale yopanda tsabola imandiwawabe.

Ine ndinakulira ku Kawale, ndipo maphunziro amene ndimawanyadira kwambiri ndinawapeza pa kaunjika ku msika wa Tsoka. Lamulo lake ndi limodzi. Wogulitsa akatchula mtengo, iwe umaseka pang'ono, umabweza malaya aja pamulu, n'kutembenuka kuyamba kuyenda. Suthamanga, sucheuka. Usanafike pa kamlatho kamitengo kaja umamva kumbuyo, "Bwana! Tabwerani kaye, inuyo muli ndi zingati?" Suti ya ukwati wanga ndinaigula mwanjira imeneyi (mayi a Mphatso, omwe ndi akazi anga, amati zinkachita kuonekeratu). Moyo wanga wonse ndakhala ndikukhulupirira kuti palibe wogulitsa pansi pano amene angapirire kuona msana wa kasitomala.

Titabwera kuno ku Perth, mayi a Mphatso kudzagwira unamwino, ine n'kupeza ntchito pa fakitale ina ku Kwinana, luso langali linayamba kuchita dzimbiri. Kuno mtengo amalemba pakapepala, ndipo kapepala sikanenereka. Ndinayesapo kamodzi mu shopu ya nsapato. Ndinatembenuka bwinobwino monga timachitira kwathu, mtsikana wogulitsayo n'kungondifunira tsiku labwino. Ndinayenda mpaka poimika magalimoto khutu lili kumbuyo, koma palibe anandiitana.

Amene anadzutsa njoka yogona ndi alamu anga a Kondwani, achimwene awo a mayi a Mphatso, omwe amakhala ku Melbourne. Tsiku lina tikucheza pa foni ndinadandaula za mabilu.

"Alamu, inu mumalipira bilu yonse momwe yabwereramo?" anatero a Kondwani. "Aaa, mukundichititsa manyazi. Makampani a magetsi ndi gasi ndi ambirimbiri, amalimbirana anthu ngati oitanira minibasi. Mumangoimba n'kunena kuti mukupita kwina. Nthawi yomweyo amakulumikizani ku ofesi ina imene ntchito yake n'kunyengerera ofuna kuchoka. Mtengo umene dzulo amati kulibe, lero umapezeka."

"Nanga amene saimba?" ndinafunsa.

"Amenewo ndiye amatilipirira ife ochenjera. N'chifukwa chake aboma amang'ung'udza nazo. Akuti okhulupirika ndi amene akulangidwa, komanso timakampani tatsopano sitingakule, chifukwa tikangokopa munthu, kampani yake yakale imamuthamangira ndi mtengo wotsika n'kumulandanso. Tsiku lina adzaletsa zimenezi. Idyani zidakalipo, alamu."

Mtima wanga unavina. Kani Tsoka iliko ngakhale kuno, kungoti inabisala mu foni.

Ndinayamba ndi gasi amene timaphikira. Ndinaimba, ndinatsokomola ngati munthu wokhala ndi zochita zambiri, n'kunena m'Chingerezi changa cha pa Sande kuti kampani ina ikundifuna. Abale inu, zinayenda ngati loto. Anandilumikiza kwa mnyamata wa mawu ofewa amene ananditchula dzina katatu konse, n'kundifunsa chimene andilakwira. Munthu wa kampani kundifunsa ine, mwana wa ku Kawale, chimene andilakwira! Ndinakana mtengo woyamba. Ndinakana wachiwiri. Ndinati basi, tsalani bwino. Anati ndidikire kaye akalankhule ndi bwana wake, n'kubwerako ndi wachitatu, wotsika zedi, umene ndinaulandira. Nditadula foni ndinayenda m'nyumba monse chifuwa chili patsogolo, kufunafuna woti ndimuuze.

Sande lotsatira, pa tiyi wa tikaweruka, ndinaphunzitsa abambo anzanga ngati mlangizi wa zaulimi. Ena analemba m'mafoni mwawo. Mayi Gondwe, omwe ndi wapampando wa amayi pa mpingo pathu, anandiyamikira pamaso pa anthu kuti pakhomo pamafunika bambo wotere. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine ndinali kalikiliki kukondwa, sindinayang'ane kumsewu.

Nthawi imeneyo tinali pa chikonzero cha chinkhoswe cha Tadala, mwana wa mchemwali wanga, yemwenso ndi namwino kuno. Mayi ake ali ku Lilongwe, viza inawavuta, choncho zonse zinagwera ine malume wake. Nkhoswe ndinali ine. Wolankhula m'malo mwa banja ndinali ine. Ndipo poti nyumba yathu ndiyo ili ndi firiza yaikulu mu galaja, ndiwo zonse za mwambowo zinasungidwa kwathu: mbuzi zimene tinakagula ku famu, zamkati, nkhuku zolimba zija timazisaka m'mashopu a anthu a ku Africa, nsomba, ndi masamusa amene amayi a ku mpingo anakhalira pansi kupinda Loweruka lathunthu mpaka misana kuwawa. Mchemwali wanga ankaimba pafupipafupi. "Achimwene, mwanayo ndamusiya m'manja mwanu. Musandichititse manyazi kwa eni mwamuna." Ine ndinkayankha kuti agone tulo.

Chinkhoswe chinali Loweruka. Lolemba la sabata yomweyo kunabwera bilu ya magetsi. Munali mu Januwale, mwezi umene dzuwa la ku Perth limatsika kudzakhala nafe pakhonde, ndipo eyakoni yoziziritsa m'nyumba inali isanapume chiyambire Khirisimasi. Nditaona bilu ija sindinadandaule ngati kale. Ndinangomwetulira, ndinati awa sakundidziwa.

Pa nthawi ya nkhomaliro ku Kwinana ndinakhala m'galimoto n'kuimba. Anayankha mayi wina wa mawu odekha, amene amamveka ngati wakhala akuyankha mafoni kuyambira ine ndili pa sukulu.

"Ndikufuna kuchoka," ndinatero. "Kampani ina yandilonjeza mtengo wabwino."

"Kampani iti, bambo?"

Apa ndinatsokomola. "Imeneyo ndi nkhani ya ine ndi iwowo."

Mayi uja anandifotokozera mwaulemu kuti kuno ku Perth magetsi a m'nyumba za anthu amagulitsa ndi kampani imodzi yokha, iwowo, ndipo mtengo wake amaika ndi boma. Anati gasi ndiye munthu amasankha, komanso mafakitale ndi mabizinesi akuluakulu amasankha kogula magetsi, koma nyumba ngati yanga ayi. Anati zimene ndamvazo mwina ndi za kumadera a kum'mawa.

Ndinaseka chamumtima. Ndi wogulitsa uti amene sananenepo kuti "iyi kwina konse simuipeza, bwana"? Komanso fakitale yathu yomweyi ndinamva mabwana akukamba kuti inasintha kogula magetsi. Ndiye fakitale isinthe, ine ndilephere? (Mayi uja anali atangondiyankha funso limeneli, koma makutu anga anali atapita kale ku Tsoka.)

"Mundilumikize ku ofesi yonyengerera," ndinatero.

"Tilibe ofesi yotero, bambo. Koma ngati bilu yakuvutani, tikhoza kukonza kuti muzilipira pang'onopang'ono."

Ine kundiyesa wovutika! Magazi anakwera. "Tsekani akaunti yanga."

"Akaunti timatseka munthu akamasamuka m'nyumba. Kodi mukusamuka?"

Apa, abale, ndi pamene pamafunika kubweza malaya pamulu n'kutembenuka. Ndinatembenuka.

"Inde, ndikusamuka."

"Liti?"

Wogulitsa umamupatsa nthawi yochepa kuti atekeseke. "Lachisanu lomweli."

Anandichenjeza kuti ngati palibe wina wotsegula akaunti pa nyumbayo, magetsi adzazimitsidwa, ndipo mita za masiku ano amazimitsa ali mu ofesi momwemo, sachita kubwera ndi makwerero. Anandifunsanso ngati ndatsimikiza. Ndinati ndatsimikiza. Anafunsa kotumiza bilu yomaliza, ndinati atumize pa imelo. Kenako anandifunira ulendo wabwino. Mawu amenewa anandikumbutsa mtsikana wa nsapato uja, koma ndinaliponda ganizolo lisanadzuke. M'mutu mwanga ndinati pofika Lachitatu akhala ataimba, ndipo Loweruka pa chinkhoswe ndidzakhala ndi nkhani ina yophunzitsa anthu. Mayi a Mphatso sindinawauze. Ndinkafuna ndidzawadzidzimutse ndi uthenga wabwino.

Lachiwiri foni inali zii. Ndinati ali pa msonkhano, akukambirana za ine. Lachitatu masana inalira, nambala yachilendo, ndipo munthu anayamba ndi kundifunsa ngati ndatopa ndi mabilu a magetsi.

"Ndinadziwa kuti muimba," ndinatero, nditakhala bwino pampando. "Tiyeni, nenani mtengo wanu womaliza."

Munthu uja anasangalala kwabasi. Tinacheza nthawi yaitali ndithu, ine ndikukana, iye akutsitsa, mpaka pamene anandifunsa kuti denga la nyumba yanga linayang'ana kuti. Anali wogulitsa mapanelo a sola.

Lachinayi linakwana, a kampani osaimbabe. Ndikalowa mu galaja n'kumva firiza ikung'ung'uza, ndinkaisisita pamwamba ngati ng'ombe ya mkaka. Ndinaimbira a Kondwani.

"Alamu, sanaimbetu."

"Limbani mtima," anatero. "Amaimba tsiku lomaliza amenewo. Mukangocheuka ndinu, mwaluza. Adziwa kuti mulibe kopita."

Zoti mayi uja anandiuza kuti kampani ndi imodzi sindinawauze a Kondwani. Ndikanawauziranji bodza la wogulitsa? Ndinagona ndi mtima umodzi, kuti mawa m'mawa foni ilira.

Lachisanu ndinalawirira ku ntchito, foni m'thumba la pachifuwa, voliyumu mpaka kumapeto. Zimene zinachitika kunyumba ndinachita kumva pambuyo pake, kwa mboni zambiri kuposa zimene ndikanafuna.

Mayi a Mphatso anali atapempha tchuthi kuti aphike ndi amayi a ku mpingo. Anapita kukawatenga, ndipo pobwera anadina rimoti ya chitseko cha galaja, chitseko osayenda. Analowera khomo la kutsogolo n'kupeza nyumba ili chete, eyakoni yafa, firiji yafa. Tsono apa ndi pamene Umalawi unationonga. Mzungu akanaimba foni nthawi yomweyo. Koma amayi athu, anthu oti anakula ndi kuthimathima, anangoti, "Aa, magetsi athima. Abwera awa." Anayala zitenje, anayamba kusenda anyezi, akudzikupiza ndi zivundikiro za mapoto. Mayi Gondwe akuti anachita kunena kuti zawakumbutsa kwathu, mpaka anayamba nkhani za makandulo ndi mbaula. Chitofu cha gasi chinkayaka bwinobwino (gasi wotchipa uja, tisaiwale), ndiye palibe anaona chifukwa chotekesekera.

Chimene ankachita mokhulupirika ndi kupita ku galaja mosinthanasinthana kukatsegula firiza, kuona ngati nyama ikadali bwino. Aliyense akatsegula, ankaitana mnzake kuti adzaonenso. Mu galaja mmenemo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa.

Dzuwa litafika pamutu, mayi wina anamva eyakoni ya aneba ikulira kuseri kwa mpanda. "Kodi anebawa ali ndi magetsi?" Mayi Gondwe anayankha mosakayika kuti mwina ali pa laini ya chipatala. Anakhalanso pansi. Pokhapokha ataona kuti nyumba ya kutsidya kwa msewu nayonso ili pa laini ya chipatala, ndi ya pakona yomwe, m'pamene mayi a Mphatso anaimbira kampani. Dzina lawo linali pa akaunti ngati munthu wololedwa kufunsa. Manja anali ndi ufa wa mandasi, choncho foni anaiika pa sipika, patebulo, pakati pa amayi onse.

Wa kampaniyo anawerenga zimene zinali pa kompyuta yake momveka bwino. Palibe vuto lililonse m'dera lanu. Mwini akaunti anaimba Lolemba. Anati akusamuka m'nyumbamo lero Lachisanu. Adiresi ya kumene akupita sanasiye.

Akuti mipeni yonse inaima.

Foni yanga inalira ndili pa ntchito. Ndinaitulutsa mothamanga, mtima ukuti ndi awo, agonja. Anali mayi a Mphatso, ndipo mawu awo anali ozizira kuposa chilichonse chimene chinatsala m'nyumba mwathu tsiku limenelo.

"Bambo a Mphatso, mukusamukira kuti?"

"Ndani? Ine?"

"Ndikufunsa kuti ndidziwe kotumiza zovala zanu."

Anadula. Ndinaima pomwepo chipewa cha ntchito chili kumutu. Ndinauza kapitawo kuti kunyumba kwagwa zadzidzidzi, ndipo limeneli linali liwu loona loyamba kutuluka pakamwa panga sabata imeneyo.

Msewu wochokera ku Kwinana kupita ku Mirrabooka ndi wautali masiku onse, koma tsiku limenelo unawonjezera. Foni inkangolira mu sipika ya galimoto. Abusa anati akufuna tionane mwamsanga ngati abambo. Mchemwali wanga ku Lilongwe, kumene kunali kutangocha kumene, anali atamva kale, ndipo ankalira kuti ndamuvula. Kenako a Kondwani.

"Alamu! Ndikumva kuti mukuthawa mchemwali wanga?"

"Inu nomwe munati ndisacheuke!"

"Kucheuka chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, pamodzi ndi zija ananena mayi wa kampani. 

"Kodi kumeneko kampani ndi imodzi? Aaa, alamu, bwanji osanena? Ine ndimakamba za kuno ku Melbourne. Munthu umaopseza kuchoka uli ndi kopita."

Ndikanakhala nawo pafupi, bwenzi pano ndikulemba nkhaniyi ndili kundende.

Ndinafika kunyumba n'kupeza chikwama changa chachikulu, chija ndinabwera nacho kuchokera ku Malawi, chili pakhonde, chotseka bwinobwino. Amayi anakhala mumthunzi mondandalika, ndipo palibe anandiyankha moni. Mayi a Mphatso anaima pakhomo manja atapinda, maso ofiira. Koma amene anandithyola mtima ndi Tadala. Anali atathawa ku ntchito, akadali mu yunifolomu, atakhala pa sitepe akulira ngati kamwana.

"Amalume," anatero, "za nyamazo zilibe kanthu. Koma ine ndimauza Yamikani kuti tidzakhale ngati inu ndi anti. Ndiye ngati inuyo mukuthawa banja mwakachetechete chonchi, ine mawa ndikulowa chiyani?"

Yamikani ndiye mnyamata womutomerayo. Kunena zoona, mpaka nthawi imeneyo ndinkaopa za mbuzi ndi za ulemu wanga. Apa ndinachita manyazi enieni, ofika m'mafupa. Mwana amene mayi ake anamusiya m'manja mwanga ndinamuliza tsiku loti mawa lake ndi chinkhoswe, chifukwa chofuna kutchedwa wochenjera pa tiyi wa ku tchalitchi.

Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse nditaimirira padzuwa. Za Tsoka, za gasi, za a Kondwani, za mayi wa mawu odekha amene anandichenjeza ine n'kumuyesa wabodza. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo yanga ndinkaimva bwinobwino pamene yalowera. 

"Ndiye mukuti palibe mkazi?" anafunsa Mayi Gondwe.

"Palibe, mayi."

"Magetsiwa munathimitsa nokha? Dala?"

"Ndimanenerera."

Mayi Gondwe anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Bola akanakhala mkazi," anatero. "Pemphero lake timalidziwa. Koma izi ndiye tiyambira pati?"

Amayi anaphulika ndi phwete. Wina anagwa chagada pa chitenje, wina ankamenya poto ndi chikhatho. Tadala ankaseka misozi ikutsikabe. Amene sanaseke ndi mayi a Mphatso okha. Anandipatsa foni yawo, ili pa sipika.

"Imbani. Tonse timve."

Anayankha mnyamata. Ndinamuuza kuti sindikusamukanso. Anawerenga pa kompyuta n'kunena kuti akuona kuti mnzake anandifotokozera zonse Lolemba, ndipo ndinati ndatsimikiza. Ndinavomera. Anati akaunti yakale yatsekedwa, pafunika kutsegula ina, pali kandalama kolumikizira, ndipo magetsi akhoza kubwera lero kapena mpaka Lolemba, sangalonjeze. Ine amene ndinkafuna ofesi yonyengerera ndinakhala ofesiyo ndekha. Ndinamutchula bwana. Ndinamuuza za mbuzi. Ndinayesa kumufotokozera chinkhoswe m'Chingerezi mpaka anaganiza kuti pakhomo pali maliro. Anati ayesetsa.

Pomaliza anafunsa ngati pali china. Sindikudziwa chimene chinandilowa.

"Poti ndine kasitomala watsopano," ndinatero, "palibe kadisikaunti kolandirira alendo?"

Mayi a Mphatso anandiponda chala ndi chidendene, ndipo chikhadabo chake chinatenga miyezi kuti chimere bwino.

Tinatsegula firiza. Zapansi zinali zikadali zolimba, koma zapamwamba zinali zitalefuka. Nsomba zinali zitayamba kulankhula. Masamusa a Loweruka lathunthu aja anali atagwirana n'kukhala chimtanda chimodzi chonyowa, choti sungadziwe poyambira. Amayi anasiya kuseka. Mayi wina amene anapinda ambiri mwa iwo anangopukusa mutu n'kutuluka, ndipo kupukusa kumeneko kunandipweteka kuposa chidendene chija.

Panalibe nthawi yolira. Zimene zinasungunuka zinapita pamoto pomwepo, zina pa chitofu, zina pa makala kuseri, ine ndikukupiza ndi katoni thukuta lili kamukamu. Zotsala anati zigawidwe m'mafiriji a anthu. Wonyamula anali ine. Ndinazungulira Mirrabooka yonse ndi madera oyandikana nawo, khomo ndi khomo, mwendo wa mbuzi m'manja, ndipo pakhomo lililonse ndinkayenera kuyankha funso lomwelo, lakuti zachitika bwanji. Ena anali atamva za mkazi wachiwiri, ndiye ndinkayamba ndi kutsutsa imeneyo kenako n'kupereka yoona, imene inkawaseketsa kuposa yabodzayo. Abambo aja analemba malangizo anga m'mafoni ndinawapempha kuti afufute.

Nditabwerako ulendo womaliza, dzuwa likupendeka, ndinangoti ndilowe mu galaja, firiza inati ng'uu. Magetsi abwera. Inayamba kuziziritsa mwakhama, mulibe kanthu ngakhale phazi la nkhuku.

Chinkhoswe chinachitika mu holo imene tinabwereka, ndipo chinakoma, ngakhale masamusa kunalibe ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Itafika nthawi yoti ankhoswe tidziwane, nkhoswe ya kuchimuna, bambo wina wamtali wa nthabwala zake, inaimirira n'kukonza tayi.

"Tisanapitirire, tikupempha adiresi yeniyeni ya ankhoswe anzathuwa. Ana akadzayambana tidzawapeza kuti? Tamva kuti amasamukasamuka."

Holo yonse inagwa ndi phwete. Pamenepo ndi pamene dzina lija linabadwira. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani.

Kenako anandipatsa maikolofoni kuti ndilangize ana. Ndinali nditakonza mawu ambiri sabata zapitazo, okhala ndi mavesi ndi mitu itatu. Nditayang'ana Tadala atakhala pambali pa Yamikani, maso akadali otupa pang'ono pansi pa zodzoladzola, mawu onse aja anandithawa.

"Ana inu," ndinatero, "m'banja mudzayambana, zimenezo n'zosapeweka. Koma asadzapezeke wina wonyamula chikwama n'cholinga choti mnzake amuitane. Banja si kaunjika. Ena saitana."

Kumbuyo, kumene kunali amayi ogawa chakudya, kunamveka "Ameni" mmodzi wamphamvu. Mawuwo ndinawazindikira, anali a mayi a Mphatso.

Pobwerera kunyumba tinali awiri m'galimoto, mapoto akugundana kumbuyo. Tinayenda kamtunda ndithu. Kenako mayi a Mphatso anati, "Chikwama chija ndinalongedza ndikulira, mukudziwa? Malaya aliwonse ndimati ndikapinda, ndimakumbuka kumene tinagula."

"Pepani, mayi."

"Koma mukanachinyamula n'kutuluka nacho pageti, ine sindikanakuitanani. Ine si kampani ya gasi."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri. Ndinadziwa kuti umenewo ndiye mtengo womaliza.

Akaunti ya magetsi pano ili m'dzina lawo, ndipo langa silipezekapo ngakhale ngati munthu wololedwa kufunsa. Chikwama chija anatulutsamo zovala zochepa zokha zimene ndimavala ku ntchito, chotsalacho anachikweza pamwamba pa wadirobu chili chilongedzere. Sabata yatha a intaneti anatumiza uthenga kuti mtengo wakwera, ndipo makampani a intaneti, abale, ndi ambiri zedi, ndinafufuza. Ndinatenga foni, ndinatsokomola kukonza kukhosi. Mayi a Mphatso anali pafupi. Anangokweza maso kuyang'ana pamwamba pa wadirobu.

Ndinalipira yonse momwe inabwereramo.